Makatoni a ku Mkanda

Ine mapepala anandikalambitsa nthawi isanakwane. Anthu akamaona imvi zangazi amati ndi zaka, koma ayi, imvi izi ndinazitola ku Mkanda, m'kaofesi ka malata momwe ndinali kalaliki wa bungwe lina logula mtedza kwa alimi. Bungwelo linali ndi depoti ku Mkanda, ina ku Dambe, ina ku Kachebere, ndipo abwana athu ankakhala pa boma. Kwathu ine ndi kufupi ndi Kachebere, koti ukaima pachulu cha kumunda kwathu umaona mitengo ya ku Zambia. Ku depoti ya ku Kachebere ndikanatha kumapita wapansi, nkhuku zanga zikundiona. Koma ntchito ilibe chibale. Inanditaya ku Mkanda, komwe ndinkachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale, n'kumabwera kunyumba Loweruka lokha, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

Moyo umenewo ndinali nditauzolowera, chifukwa amuna anga anali munthu wodzisamala. Ankalima, ankadziphikira, ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Ndikafika Loweruka ankandiuza nkhani za mudzi wonse, kuyambira mbuzi imene yabereka mpaka banja limene latsala pang'ono kutha, ine n'kumangowodzera pamkeka. Ndinkawakalipira kuti, "Abambo, tazimitsani wailesiyo." Mawu amenewo lero amandiwawa.

Chaka chimenecho, mvula ili pakati, anagwa m'munda akubandira chimanga. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo pa mawu onse aja panatsala awiri okha, "eya" ndi "ayi". Kupita nawo ku Mkanda sikukanatheka. Kachipinda kanga kanali kongokwana bedi ndi mbaula, chimbudzi chinali kutali, ndipo chipatala chimene ankawawongolerako miyendo chinali cha mbali ya kwathu. Amene anatipulumutsa ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, mayi wamasiye wokhala kutsidya kwa malire, ku Zambia. Anabwera ndi kachikwama kawo n'kukhala pakhomo pathu, kumawasambitsa ndi kuwadyetsa ine ndili ku ntchito.

Alamu angawo sadziwa kuzungulira nkhani. Loweruka lina, ndikuchapa zofunda kuseri kwa nyumba, anabwera n'kukhala pamtondo.

"Manje mulamu," anatero, monga amayankhulira a kutsidyako, "ine si kuti ndatopa naye mlongo wanga ayi. Koma nane ndili ndi munda. Mvula yoyamba ikangogwa ndikupita kukadzala. Mukakhala kuti simunabwere kudzakhala pakhomo pano, ndimunyamula tikamusunge kwathu. Munthu wodwala chonchi sangasungidwe ndi mkazi wa Loweruka."

Mkazi wa Loweruka! Ine amene ndinamanga nawo nyumba imeneyo, kuumba njerwa ndi manja angawa. Mtima unanditentha, ndinafinya bulangeti ngati ndikupotokola khosi la munthu. Koma alamu ankanena zoona. Ndipo kwathu kuno, mwamuna akamunyamula abale ake ali wodwala kuchoka naye pamudzi pa mkazi, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Palibe amene amanena kuti banja latha, koma pachitsime amakuyang'ana ngati munthu amene analephera.

Lolemba lake ndinatsika pa boma, n'kukapereka kwa abwana kalata yopempha kuti andisamutsire ku Kachebere. Abwana athu sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anali munthu wofatsa, wa mawu ozizira, wa mtundu uja woti akakukana umatuluka ukumwetulira, n'kuzindikira uli kale pa kabaza.

"Mayi, nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni," anatero. "Ku Kachebere malo aoneka ndithu, kalaliki wa kumeneko akupuma ntchito chaka chino. Koma tandiuzani, ofesi yanu ija ndingaipereke kwa ndani momwe ilili muja? Konzani kaye mapepala, kuti wobwera m'malo mwanu adzapeze poyambira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pamenepo sindikanatsutsa. Ofesi yanga inali chisa cha mapepala. Mafomu olembetsa alimi anali m'masaka. Matikiti a pasikelo, aja timalembapo kulemera kwa mtedza wa munthu, ndinkawabaya pa msomali, msomaliwo ukadzaza n'kukhoma wina. Makalata a ku boma, malipoti a mwezi ndi mwezi, mapepala a mbewu, zonse zinali pena paliponse, pansi pa tebulo, pawindo, zina kuseri kwa chitseko. Si kuti ndinali waulesi. Pepala limabwera nthawi imene uli ndi alimi khamu pakhomo, aliyense akufuna mtedza wake uyezedwe dzuwa lisanapendeke, ndiye umangoti ndiliona mawa. Mawa lake limabwera ndi anzake. Makoswe nawonso, poti pali mtedza, ankati akakhuta n'kumatsukira m'kamwa ndi malipoti anga. Zotsala zonse, zoti uyu ndimuimbire, uyu ndimuyankhe, ndinkazisenza m'mutu, moti mutuwo unkalira ngati chigayo.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi, amagwira ntchito ya m'ofesi ku Lilongwe. Anabwera pa Pasaka kudzaona bambo ake, ndipo chikondwerero chitatha anandiperekeza ku Mkanda. Nditatsekula chitseko anaima pakhomo, dzanja pakamwa.

"Amayi! Mumagwira ntchito muno?"

"Ayi, ndimavinamo chimtali," ndinatero.

Anaseka, kenako anachotsa saka pampando n'kukhala. Anati ku ntchito kwawo anawaphunzitsa njira ina yoyendetsera ntchito ndi mapepala, ndipo iye inamuthandiza. Ine ndinamvetsera ndi khutu limodzi, poti ana a m'tauni chilichonse amati chili ndi njira yake, ngakhale kumwa madzi.

"Vuto lanu, amayi, zonse mumasunga m'mutu. Mutu si nkhokwe. Choyamba, chilichonse chobwera chizifikira malo amodzi, kaya ndi pepala, kaya ndi uthenga wapakamwa, muzilemba n'kuponya pomwepo. Kenako muzitola chimodzichimodzi, kuyambira pamwamba, n'kudzifunsa kuti apa chofunika kuchita n'chiyani. Mukatola, osabwezeranso. Ngati ndi kantchito kakang'ono, chitani pomwepo. Ngati mukudikira munthu wina, ikani pa zodikira. Ngati nkhani yake inatha, sungani. Zinyalala, otchani. Ndiye Lachisanu lililonse muziona zonse, musanatseke."

Sanathere pomwepo. Anatulutsa foni yake yopalasa ija n'kundionetsa momwe amalembera ntchito zake, ndi mitundumitundu, zofiira, zobiriwira. Anatinso ntchito zina ndizipatsa ena. Ndipo chomaliza, anati, ndiphunzire kukana, chifukwa munthu wosakana ndiye amasenzetsedwa za aliyense.

Za foni ndinazitaya pomwepo. Yanga inali ya mabatani, ndipo ndinkatchajitsa pa sola ya pagolosale. Zopatsa ena ndinangoseka. Ndipatse ndani? Pa depotipo tinalipo ine, alonda ndi sikelo. Koma za kukanazo ndiye ndinamudzudzula.

"Iwe, abwana amakanidwa? Munthu wamkulu akabwera ndi vuto lake pakhomo pako umati ayi? Unakulira kuti iwe?"

"Ndinakulira pakhomo panu, n'chifukwa chake ndikukuuzani," anatero.

Ndinamusiya. Pa njira yake yonse ndinatolapo zimene ndinaona kuti ndingazithe, monga momwe umasankhira mtedza, wabwino uku, wofumbwa uko.

Mwini golosale, bambo wina wachisilamu wa mtima wabwino, anandipatsa makatoni a sopo. Atandiona ndikuwanyamula anandifunsa kuti, "Mayi, mukusamuka?" Ine ndinati, "Ndikusamuka ndithu, bambo, muzindipempherera." Iwo anati, "Mulungu akalola." Pa makatoni atatu ndinalembapo ndi khala, lina ZOCHITA, lina ZODIKIRA, lina ZOSUNGA. Ndinawasanja pa thabwa, thabwalo pa njerwa, pansi pake n'kuwaza phulusa kuti chiswe chisakwere. Pakhomo ndinaika dengu, loti chilichonse chobwera chizifikiramo. Za kantchito kakang'ono zija, mwana ankazinena ndi mphindi za pawotchi, koma ine ndinapanga lamulo langa. Ndikateleka ketulo pa mbaula, ntchito iliyonse yoti ithe madzi asanawire ndinkaichita pomwepo, osaiika pena paliponse.

Kukhuthula masaka aja kunanditengera masabata. Ndinkati alimi akachoka, ndikhale pansi miyendo tambalale, kutola pepala limodzilimodzi mpaka dzuwa kulowa. Ndinkayetsemula mpaka misozi. M'saka lina ndinapeza khoswe ataberekeramo, ana ake ofiira atagona pa malipoti a mbewu. Ndinapeza kalata yondiitana ku msonkhano umene unachitika kalekale, anthu n'kudya, n'kubalalika, ine osadziwa. Msana unkawawa, maso ankalemera, koma ndikakumbukira mawu aja a mkazi wa Loweruka ndinkatolanso lina. Moto wa zinyalala unkafuka kuseri kwa depoti mpaka alonda anayamba kuotchapo mbatata.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti nzeru za mwana wa m'tauni zinalephera, koma zinagwira. Nyengo yogula mtedza itafika, njinga ndi ngolo zitadzaza pabwalo, ine ndinali ngati munthu wina. Kale mlimi akati wataya tikiti yake, ndinkafufuza mpaka masana, iye ali panja akutukwana chamumtima. Tsopano ndinkangotembenuka, kupisa dzanja m'katoni, iyi apa. Makatoni a ZOSUNGA anachuluka, kalabu iliyonse ya alimi katoni lake. Malipoti ankafika pa boma tsiku lisanakwane. Mutu uja unaleka kulira. Kwa nthawi yoyamba ndinkagona osadzidzimuka kuti ndaiwala china.

Koma walira mvula walira matope. Mbiri inamveka kuti ku depoti kuli mayi wa makatoni, pepala silisowa. Anthu anayamba kubwera ndi zawo zosakhudza mtedza n'komwe. Uyu kalata ya munda, mundisungire kunyumba kuli chiswe. Uyu fomu ya sukulu ya mwana, mundilembere. A komiti ya mjigo, a kwaya, a banki ya m'mudzi, onse ankangoponya m'dengu muja n'kunena kuti, "Si zambiri mayi, ndi kanthu kochepa." Ndipo kanthu kochepa, mwa lamulo langa lomwe, kankayenera kuchitika madzi asanawire. Tiyi ndinkamwa wozizira masiku onse.

M'katoni la ZODIKIRA zinthu zinkalowa ndi kutuluka. Ya mbewu yayankhidwa, ichoke. Ya sikelo yoti ikonzedwe yatheka, ichoke. Pepala limodzi lokha ndilo silinkasuntha, kope ya kalata yanga ija yopempha kusamuka. Lachisanu lililonse ndinkaitola, kuimbira abwana, iwo n'kunena kuti, "Tikuziona mayi, pitirizani ntchito yabwinoyo." Ine n'kuibwezera. M'makona mwake munafewa chifukwa chogwiragwira.

Loweruka ndinkafika kunyumba nditatheratu. Ndinkawasambitsa amuna anga, kuwameta, kuwadzoza mafuta m'miyendo. Ndinkawauza za makatoni, za khoswe ndi ana ake, ine tsopano ndiye ndinali wailesi. Iwo ankandiyang'ana ndi diso lawo lowala lija n'kumati, "Eya, eya." Ndikati Lamlungu madzulo ndinyamule chikwama, ankatembenukira kukhoma. Alamu ankangotuluka panja n'kuyang'ana kumwamba, ngakhale mu Julaye, kulibe ndi kamtambo komwe.

Pano ndikuuzeni za mnzanga wa ku Dambe, kalaliki wa depoti ya kumeneko. Anali bambo wansangala, katswiri wa bawo, munthu woti sungamusungire chakukhosi. Koma pa mapepala, iii! Matikiti ake ankapezeka pamsika atakulungira mandasi. Tikakumana pa boma, abwana akafunsa lipoti, iye ankakanda m'mutu n'kunena kuti, "Linanyowa, bwana," ngakhale m'chilimwe. Tonse tinkaseka, inenso ndinkaseka. Ndinkamumvera chisoni kuti tsiku lina ntchito idzamuthera.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, abwana anabwera ku Mkanda ndi alendo awiri a ku likulu. Ndinali nditasesa, kukolopa, kupukuta makatoni. Mlendo wina anatchula dzina la kalabu ina n'kufunsa matikiti ake a chaka chatha. Ndinamupatsa asanamalize kupukuta thukuta. Anafunsa china, ndinamupatsanso. Anayamba kujambula makatoni anga a sopo ndi foni, akuti akaonetse ena. Abwana anali mano panja, akuti, "Mwaona? Ndinkakuuzani." Ine chimwemwe chinadzaza tsaya, m'maganizo ndinali nditafika kale ku Kachebere, ndikuyenda wapansi kupita ku nkhomaliro kunyumba. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Alendo atatuluka kukaona matumba, ndinasendera kwa abwana.

"Bwana, mapepala aja ndi amenewa. Wobwera apeza poyambira. Nanga za ku Kachebere zija?"

Anatsokomola pang'ono, n'kuyang'ana makatoni m'malo moyang'ana ine.

"Mayi, tiyankhule chilungamo. Mkanda ndiye depoti yathu yaikulu. Munthu ngati inu ndikamuchotsa pano ndiye kuti ndadzidula mwendo ndekha. Ku Kachebere tikutumizako mnzanu wa ku Dambe. Ameneyo watisautsa, afunika akhale pafupi ndi boma kuti ndizimuona. Ndipo pamene tikufunafuna munthu wa ku Dambe, mapepala a kumeneko azibwera kwa inu, poti muli ndi njira yanu yabwinoyi. Za abambo kunyumba tizikumbukira m'mapemphero."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Zikomo bwana." Abale inu, ndinathokoza! Ndinapinda ndi bondo lomwe. Pakamwa panga panazolowera choncho kuyambira ndili mwana, panayankha pokha ine ndisanaganize. Galimoto itachoka ndinakhala pa sikelo, osalira, osatukwana, kungokhala. Kutopa kwa miyezi yonse ija kunandigwera nthawi imodzi, moti ngakhale kutseka chitseko ndinachita kupempha alonda.

Loweruka ndinawauza alamu tili kukhitchini. Sanadabwe.

"Mulamu, inu simunakhalepo ndi ng'ombe? Pa ngolo timamanga yokoka. Yaulesi imadya msipu pafupi ndi khola."

M'chipinda ndinapeza chikwama chachikulu cha mizeremizere chili pakona. Alamu anali atachapa malaya a amuna anga, atawapinda bwinobwino n'kuikamo, pamodzi ndi jekete lawo la kwaya. Sanachite mwa chipongwe, anali kungokonzeka, poti mphepo inali itayamba kusintha. Amuna anga anayang'ana chikwamacho, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ayi." Ananenanso kachiwiri, malovu akutsika mbali yopotokayo. Ndinawapukuta ndi chitenje.

Lolemba ndinapeza masaka a ku Dambe atafika kale pa ngolo, ataunjikidwa pakhomo pa ofesi, akununkha nkhungu. Pamenepo ndiye satana anandinong'oneza. Ndinati, ngati kuno mphotho ya chisokonezo ndi kusamutsidwira kwanu, nanenso ndisokoneze. Ndinatsitsa katoni limodzi la ZOSUNGA pa thabwa paja, n'kuliika pansi pakona pomwe chiswe chinkadutsa. Ndinakhala pampando n'kumaliyang'ana. M'menemo munali matikiti a amayi a kalabu ina, anthu amene anakankha njinga kuchokera kutali mtedza uli pakaliyala. Nkhomaliro isanakwane ndinalinyamula n'kulibwezera pamalo pake, n'kuwazanso phulusa. Manja anakana. Ndiponso chiswe chimadya pang'onopang'ono, mvula sikanachidikira.

Lachisanu la sabata imeneyo kumadzulo kunada bii, mabingu akumveka chapatali, cha ku Zambia. Ndinateleka ketulo monga mwa chizolowezi, n'kuyamba kuona makatoni anga. Nditafika pa ZODIKIRA ndinatola kalata yanga ija. Foni inali m'manja kale kuti ndiimbe, koma ndinadzifunsa kuti ndikuimbira ndani, ndikudikira chiyani. Yankho linali litabwera, ndipo ndinali nditathokoza. Funso la mwana wanga lija linatsala lokha, apa chofunika kuchita n'chiyani? Kubwezera m'katoni sikunali kololedwa.

Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba kalata yosiya ntchito. Sinali yaitali. Ndinathokoza bungwe, ndinati ndikupita kukasamala amuna anga, makiyi ndisiya kwa alonda, zonse zili m'makatoni ndipo pa katoni lililonse palembedwa. Nditasaina ndinayang'ana pa mbaula, madzi anali asanawire. Ntchito imene inandidya utsikana wonse, imene inaphunzitsa mwana wanga, inatha ngati kantchito kakang'ono. Apo ndiye ndinalira, ndekhandekha, masaka a ku Dambe akundiyang'ana. Kukana pamaso pa munthu sindikanatha, ndinakana papepala n'kulipereka kwa wa njinga yamoto kuti akasiye pa boma. Abwana anaimba kangapo, ine foni ndinaiika pansi pa pilo.

Mvula inagwa sabata yotsatira. Alamu anatulutsa malaya a mlongo wawo m'chikwama muja n'kuikamo zawo. Ndinawapatsa nkhuku ndi mtedza wambewu, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Mwachita bwino mulamu," anatero, "koma muvutika."

Pamenepanso sananame. Mwezi ukatha palibe chimene chimalowa, kupatula zimene mwana watumiza, ndipo nayenso ali ndi pakhomo pake. Khasu ndinaliyambiranso ndi manja ozolowera cholembera. Kutopa sikunathe, kunangosintha malo, kunachoka m'mutu n'kupita m'chiuno. Ku Mkanda ndinangochokako ndi katoni limodzi lopanda kanthu, ndimasungiramo mankhwala a amuna anga ndi buku lawo la kuchipatala. Lamulo langa la ketulo pakhomo pano lilibe ntchito. Kuwaveka malaya, kuwatulutsa pakhonde, kuwadikira kuti ameze, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimatha madzi asanawire. Masiku ena ndimapsa mtima, ndimawakalipira, kenako ndimapita kuseri kwa nyumba kukadzida.

M'mawa wina, chimanga chili m'mawondo, ndinali pakhonde ndikuwadyetsa phala. Ndinamva "Odi!" Kuyang'ana, ndi mnzanga uja wa ku Dambe, tsopano wa ku Kachebere, akukankha njinga, pakaliyala atamanga saka lotupa. Anali wansangala monga kale. Anawapatsa moni amuna anga mwaulemu, atavula chipewa, n'kukhala pa chitsa.

"Mayi, musandiseke. Abwana andituma. Akuti poti mwayandikira, mundionetseko njira yanu ija ya makatoni. Ndangotengako ochepa, si zambiri ayi, ndi kanthu kochepa."

Pakamwa pa saka panali posamanga bwino, ndipo ngodya za mapepala zinkasuzumira, ena opindika, ena chadodolido. Ndikuuzeni zoona, manja anga anayabwa. Ndinkadziwa kale kuti lapamwambalo ndi la mbewu, lotsatira ndi tikiti ya pasikelo, ndinkaona kale milu itatu pamkeka. Ndinaika mbale pansi, bondo limodzi linali litadzuka, ndipo pakamwa paja panali patayamba kale kunena kuti palibe vuto.

Pamenepo china chinandikoka. Amuna anga anali atagwira chitenje changa ndi dzanja lawo lamanzere, atachikulunga m'zala. Sanandiyang'ane ine, ankayang'ana mlendo.

"Ayi," anatero, ndi besi yawo yonse ya m'kwaya.

Ndinakhalanso pansi. Mnzanga uja anayang'ana ine, akudikira kuti ndiseke, ndinene kuti musawamvere, ndi matenda. Ine ndinatola mbale.

"Mwawamva abambo," ndinatero. "Akuti ayi."

Mnzangayo anakhalabe pang'ono, anakanda m'mutu, anafunsa za mvula, kenako anatsanzika. Akutembenuza njinga, pepala limodzi linasolola m'saka muja, mphepo n'kulitengera cha kumunda. Iye sanalione. Ine ndinaliona mpaka pomwe linakakodwa pa phesi la chimanga, ndipo maso anga anakhala pamenepo kanthawi. Dzanja lija linali lisanasiye chitenje. Phala linali litazizira, ndiye ndinawauza kuti, "Abambo, tandisiyani ndikalitenthetse, ndibwera pompano." Anandiyang'anitsitsa kaye, kenako anamasula zala chimodzichimodzi.